Bwana Alowa M'dzenje

Pa Chinakanaka, moyang'anizana ndi amayi ogulitsa tomato ndi zinanazi, pali bekale imene chikwangwani chake chinafufutika kalekale. Eni ake, a Morton Mukhwapa, alibe nacho ntchito. Amati munthu amene walephera kulondola fungo la mabanzi ndiye kuti njala alibe. Mukafika masana n'kuwafuna, mu ofesi simuwapeza. Muwapeza kuseri, atawerama pa chibafa chokandiramo fulawa, antchito awo atawazungulira, wina akuwadzudzula, wina akuwaseka. Nthawi imeneyi anyamata a pabekalepo amaitchula kuti “bwana alowa m'dzenje,” ndipo mawuwa anachokera kumanda enieni.

A Morton anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi, kumunsi kwa phiri. Bambo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ali mnyamata, ndipo za mudzi wawo sankazikamba. Mayi awo nawonso anali mwana wa m'malaini momwemo. Nyumba ya kampani mukuidziwa: ntchito ikatha, nayonso yatha. Choncho a Morton anakula ali ndi nambala ya khomo, koma kwawo analibe.

Bambo awo anamwalira m'dzinja, nthawi imene tiyi amaphukira mopenga ndipo dzanja lililonse limafunika kumunda. Kapitawo anamasula amuna ochepa kuti akakumbe manda m'mphepete mwa bulugama. Anakumba mothamanga. Dzenje lisanapitirire m'chiuno, wezulo inalira kumunda, iwo n'kutsitsa bokosi, kukwirira, ulendo kukathyola tiyi. Patapita zaka, a Morton anabwererako kuti akalambule pamandapo. Anazungulirazungulira m'bulugama muja tsiku lathunthu, osapapeza. Nkhani imeneyi sankaiuza munthu, koma inawakhala pamtima moyo wawo wonse. Ena amaopa umphawi, ena ufiti. A Morton ankaopa dzenje lofika m'chiuno, lokumbidwa ndi anthu amene maganizo awo ali kwina.

Ndiye mungayembekeze kuti munthu wotereyu akanakhala bwana wachifundo. Ayi ndithu. Atakwezedwa kukhala kapitawo, anachita zimene anaona akapitawo ena akuchita: wezulo pakhosi, mawu okweza, nkhope yosasekerera. Ubwana wina sanauonepo. Zipani zambiri zitabwera, esiteti inachepetsa antchito ndipo iwo analowa m'gulu lochotsedwa. Anatenga kangachepe kamene anapatsidwa n'kupita kwawo kwa akazi awo, mayi Lucy, kufupi ndi Chinakanaka, kukakhala mkamwini. Anamanga uvuni ya njerwa, anagula njinga ziwiri za ku Milanje, ku Mozambiki, analemba anthu. Wamkulu pa onse anali a Danieli, bambo wofatsa wa m'mudzi momwemo, amene ankakanda fulawa ndi kuyang'anira moto. Panalinso Sekani ndi Brave, oyendetsa mabanzi pa njinga ku Thuchila ndi m'mageti a maesiteti, ndi ena angapo.

Mabanzi anali abwino, pamenepo sitinganame. Koma a Morton anasamuka ku esiteti ndi katundu yense. Wezulo inkalira poyamba ntchito ndi poweruka. Mabanzi opserera ankawathira m'ndowa n'kukapatsa nkhumba zawo, ati ukapatsa antchito, mawa apserezera dala. Ndipo poweruka aliyense ankaima pageti, manja m'mwamba, bwana akumupapasa m'matumba. Ku esiteti zinkatero, ndiye iwo sankaonapo chachilendo.

Anthu anayamba kuchoka. Sankachoka mokangana, ayi. Wina ankapempha kuti akaone odwala ku Phalombe, osabweranso. Pakapita mwezi mumamva kuti akupalasa kabaza pa Muloza. Wina ankangotumiza mwana kudzanena kuti msana wavuta. A Morton ankaphunzitsa watsopano, akangodziwa ntchito, nayenso ulendo. Tsiku lina anaitanitsa otsalawo mu ofesi, anawapatsa mipando, iwo n'kukhala kuseri kwa tebulo.

“Pali vuto lililonse pano?” anafunsa.

“Palibe, bwana,” anayankha onse, maso ali pansi.

“Nanga anzanu akuthawa chiyani?”

“Kaya, bwana. Mwina za kwawo.”

A Morton anatuluka mumsonkhanomo atakhutira kuti anthu a kuno ndi aulesi basi.

M'mudzi mukagwa maliro, iwo ankatumiza dengu la mabanzi ndi chipepeso, eni ake n'kutsala pa uvuni. Amuna anzawo akalawira kumanda ndi makasu, iwo ankati ntchito yachuluka. Mayi Lucy anapirira, kenako tsiku lina anawauza mosapita m'mbali.

“Bambo a Diana, anthu akuonatu. Tsiku lanu likadzafika, mabanziwo ndi amene adzakukumbireni?”

Mayiwo sankadziwa kuti agunda pachilonda. Tsiku limenelo a Morton chakudya chinawakanika. Maliro otsatira, a nkhalamba ina ya kuchikazi kwawoko, analawira nawo kumanda.

Kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa, phiri losaoneka. A Morton anafika atavala jekete ndi nsapato zopolisha, n'kuima chapatali manja ali kumbuyo, mmene ankaimira poyendera othyola tiyi. Apa m'pamene anaona kuti mkulu wa adzukulu, amuna okumba manda, ndi a Danieli awo omwe aja. Ndipo adzukulu akakhala pa ntchito yawo, pakamwa pawo palibe chotsekera. Amanyoza, amaseka, sasamala kuti uyu ndi ndani, ndipo zonenedwa kumanda sizikhala mlandu kumudzi.

“Ee, lero kwagwanji?” anatero a Danieli, mawu okweza amene a Morton anali asanawamvepo. “Mwabwera kudzayendera ntchito? Vulani nsapatozo, achimwene. Kuno kulibe bwana. Bwana wa kuno ndi amene tikumukumbirayu.”

Amuna onse anaseka. A Morton anavula nsapato ndi jekete, anapatsidwa khasu, natsikira m'dzenje limene linali litafika kale pachifuwa. Dothi lofiira lonyowa, miyala yosakanikirana ndi mizu. Asanapite patali manja anayamba kutentha. Pamwamba pawo panali mapazi okhaokha, ndipo mawu anayamba kuwagwera.

“Akamatuluka tiwasechetu,” anatero Sekani. “Mwina abisa dothi m'thumba.”

“Osati pano,” wina anayankha. “Tikawasechere pamsewu, apongozi awo akuona.”

Kuseka kunabuka, koma a Danieli sanaseke nawo. Anakhala pamulu wa dothi n'kumayankhula ngati akuuza mitengo.

“Munthu wamkulu, wa ana ake, manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Patsidya pa msewu apongozi ake ali pa tomato, akuonerera. Madzulo munthu ameneyu akalowa bwanji pakhomo? Pakhomo pakenso si pake, ndi pa apongozi omwewo. Ndiye wina n'kumadabwa kuti anyamata akuthawira ku Muloza.”

“Nkhumba zokha ndiye zili pabwino,” anawonjezera Sekani. “Mabanzi tsiku lililonse, ndipo izo sazisecha.”

A Morton anapsa mtima mpaka makutu kulira. Anafuna kutulukamo nthawi yomweyo, koma dzenje linali litazama, ndipo munthu satuluka m'manda popanda wina kumupatsa dzanja. Oti awapatse dzanja ndi omwe ankawanenawo. Ndiye anangowerama n'kumakumba, makutu ali pamwamba. Pang'ono ndi pang'ono mkwiyo unasanduka manyazi. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo apongozi ndi munthu woti ukakumana naye panjira umapatukira kutchire. Iwo apongozi awo anali atamwalira ukwati usanachitike, ndipo m'malaini mmene anakulira, aliyense ankasechedwa pamaso pa aliyense. Sizinawafikepo m'mutu kuti amayi a tomato aja si anthu wamba ongodutsa. Kwa zaka anali akuvula anthu ulemu pamaso pa amene amawaopa kwambiri, iwo n'kumati akuteteza mabanzi.

“Basi, zakwana,” anatero a Danieli atasuzumira. “Tulukani.”

A Morton anayang'ana khoma la dzenjelo, limene linawafika m'khosi. “Tionjezereko pang'ono,” anatero, napitiriza kukumba.

A Danieli anawayang'ana nthawi yaitali. Potsiriza ndi Sekani amene anagwada n'kuwatambasulira dzanja.

M'mawa mwake antchito anafika ali njenjenje, poti lilime la kumanda linali litatsala kumanda. Wezulo sinalire. Poweruka geti linali lotsegula, bwana kulibe, ndipo pakhomo panali dengu la mabanzi opserera loti aliyense atengeko. A Morton, poona kuti ayamba bwino, anawaitanitsanso mu ofesi kuti apitirize zija anayamba kumanda.

“Pali china?”

“Palibe, bwana. Zonse zili bwino.”

Apa ndiye nzeru za bambo ameneyu zinaonekera, ndipo ine m'pamene ndimawavulira chipewa. Wina akanati, ndawafunsa, akana okha. Iwo anakhala pansi n'kuganiza kuti kumanda kunali chiyani chimene mu ofesi mulibe. Anapeza kuti kumanda iwo anali pansi, anzawo pamwamba. Manja a aliyense anali pa ntchito, ndipo panalibe woyang'anizana naye maso. Mu ofesi munali tebulo, mpando ndi nkhope ya bwana. Nanga azidikira kuti munthu amwalire kuti amve za bekale yawo?

Masana ena anapinda malaya n'kupita kuseri. “A Danieli,” anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula ndi ulemu wotere, “tandiphunzitsani kukanda.”

Kukanda sankadziwa, ngakhale bekale inali yawo. Anawerama pa chibafa chija, mutu pansi, fulawa ikuwamatirira mpaka m'zigongono. A Danieli anapirira kwa kanthawi, kenako zinawakwana.

“Aaa, inu, mukuisisita kapena mukuikanda? Ikani mphamvu!”

Sekani, amene ankapanga mabanzi pathebulo, anaphulika kuseka. “Anzanga, bwana alowa m'dzenje!” Ndipo asanazindikire n'komwe, anali atayamba kudandaula za mabuleki a njinga yake, kuti pa chitsikiro cha ku Thuchila amaima ndi chidendene.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wa pabekale. Bwana akawerama pa chibafa, aliyense amanena zake, ndipo zonenedwa pamenepo sizikhala mlandu. Anamva za utsi wa uvuni umene unkawawa m'maso, anakweza chumuni. Anamva kuti matenda amene amagwira antchito onse mvula yoyamba ikagwa si malungo, koma chimanga chofuna kubzala. Anaseka, n'kulamula kuti tsiku limenelo uvuni izizima, aliyense akabzale poyera m'malo monama. Si zonse zimene ankavomera. Sekani analirira njinga yamoto zaka ndi zaka, ndipo yankho linali lomwelo, lakuti ayi, mabanzi sangagule petulo. Koma ankamuuza chifukwa chake, ndipo Sekani ankachoka akung'ung'udza mokweza, osati chamumtima. A Morton amati wantchito wong'ung'udza mokweza ndiye kuti mawa abweranso.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Patangopita miyezi yochepa chisiyireni kusecha, thumba la fulawa linasowa, ndipo zinadziwika kuti Brave ndi amene analitulutsa. Eni mashopu anzawo anawaseka kuti ndi zimenezo, wantchito sasekereredwa. Ngakhale mayi Lucy anati mwina kusecha kubwerere, koma kuzichitikira kuseri. A Morton anavutika nazo masiku angapo, chifukwa kuba kunawapweteka ndithu. Kenako anati, “Wakuba ndi mmodzi. Apongozi a enawa alakwanji?” Brave anamuchotsa mwakachetechete, osamuyendetsa pamsika. Geti linakhalabe lotsegula.

Chaka cha njala ija ya 2002, anthu analeka kugula mabanzi, poti munthu wosowa chimanga saganiza za sikono. A Morton anaona kuti ayenera kuchotsa theka la antchito. Nkhaniyi sanailengeze mu ofesi, anakainena ali chiweramire pa chibafa. A Danieli anati, “Musachotse munthu. Tizisinthana masiku. Lero awa, mawa awa, kuti pakhomo paliponse pazilowako kanthu.” Anachitadi zimenezo, ndipo njala inatha onse ali pamodzi. Ena mwa amene anathawira ku Muloza anabwerera, ndipo bekale inakula mpaka kumanga uvuni yachiwiri.

Kumanda nako sanaphonyenso. Maliro akagwa m'mudzi, a Morton ankakhala m'gulu loyamba kufika ndi khasu lawolawo, ndipo chizolowezi chawo chinali chimodzi. Anzawo akati zakwana, iwo ankati tionjezereko pang'ono. Adzukulu ankadandaula kuti a Mukhwapa akufuna tikatulukire ku Milanje, ena ankati akufuna chitsime. Iwo ankangomwetulira n'kumakumba, ndipo chifukwa chake sanauze munthu.

Zaka zinapita, imvi zinabwera, mwana wawo Diana anakwatiwa n'kukakhala ku Blantyre. Kenako mayi Lucy anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Pamaliro amenewa a Morton sanagwire khasu, poti namfedwa sakumba. Anthu anangowatsogolera kumanda masana, maso osaona bwino ndi misozi, n'kubwerera.

Patapita nthawi abale a malemu anasonkhana kuti awasudzule, monga mwa mwambo mkazi akamwalira. Woyankhula anali a Isake, mlongo wa mayi Lucy, amene anali mwini mbumba. Analankhula mwaulemu kwambiri. “Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu chifukwa. Kuyambira lero ndinu omasuka.” Panalibe wowathamangitsa, ndipo a Isake anali munthu wabwino. Koma a Morton ankadziwa tanthauzo lake. Mkamwini womasulidwa ndi mlendo, ndipo mlendo akamwalira mtembo wake umapita kwawo. Diana malo ake analipo, pafupi ndi mayi ake. Nanga iwo? Kwawo kunali m'malaini mmene tsopano munkakhala anthu ena, ndi bulugama uja.

Anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa bekale. Anayamba kuonda. Ntchito ankagwira, koma kuseka kunatha, ndipo akawerama pa chibafa ankangomva za mabuleki ndi nkhuni n'kumagwedeza mutu. Mantha awo akale aja anali atawabwerera onse, ndipo munthu amene anaphunzitsa bekale yonse kuyankhula, iye mwini pakamwa panali potseka.

Masana ena anali akukanda malo amodzimodzi osatembenuza. A Danieli, amene tsopano anali nkhalamba yongokhala pampando kuyang'anira achinyamata, anawaona.

“Fulawayo yakulakwirani chiyani, achimwene?”

A Morton sanadzutse mutu. Anayang'anabe m'chibafa, manja akuyenda, monga mmene ena onse ankachitira akafuna kunena zovuta.

“Lero dandaulo ndi langa,” anatero. “Ine bambo anga anawaika m'dzenje lofika m'chiuno, ndipo pamene ali sindipadziwa. Kwathu ndilibe. A Lucy apita, kuno andimasula. Ndiye ndimati ndifunse. Ine ndikadzafa, mudzakanditaya kuti?”

Achinyamata anasiya kupanga mabanzi. Sekani, amene tsopano anali ndi imvi zake ndi njinga yamoto yake yomwe, anayang'ana a Danieli. A Danieli anakanda pamutu.

“Kodi tsiku lija munalira mpaka osaona chilichonse? Simunaone kuti manda a mayi tinawakumba chakumbali, kusiya malo pakati pa iwo ndi mtengo wa mbawa uja?”

Manja a a Morton anaima.

“M'mawa womwewo, tisanaponye khasu, tinapita kwa a Isake tonse adzukulu,” anapitiriza a Danieli. “Tinawauza kuti munthu uyu wakumbira azakhali anu, amalume anu, ana anu. Mudzi uno pansi pake amapadziwa kuposa inu eni. Ngati si wa kuno, wa kuno ndi ndani? A Isake sanavute n'komwe. Anangoti musamuuze, nanga munthu wamoyo n'kumuuza za manda ake? Koma poti lero mwalowa m'dzenje nokha, mlandu palibe.”

“Koma inu munadziwa bwanji?” anafunsa a Morton, mawu osamveka bwino. “Sindinauzepo munthu.”

“Zaka zonsezi, tionjezereko pang'ono, tionjezereko pang'ono. Mumayesa omva ndinu nokha? Nafenso makutu tili nawo.”

Sekani anatsokomola. “Ndipo musade nkhawa, bwana. Tidzakumba mpaka wina adzatuluke ndi makwerero. Koma musafulumire. Pamenepo pali miyala yoopsa, ndipo msana wanga sunachire.”

Achinyamata anaseka, mwamantha poyamba, kenako momasuka. A Morton anafuna kuseka nawo koma zinakanika. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo bambo wamkulu, kapitawo wakale, analira ngati mwana, ali chiweramire pa chibafa. Analira bambo awo, analira akazi awo, ndipo analiranso chifukwa mtolo umene anausenza kuyambira ku bulugama kuja unali utatsika. Onse anawasiya alire. Patapita kanthawi a Danieli anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

“Basi, pukutani maso, achimwene. Mchere tathira kale m'fulawamo.”

A Morton anapukuta maso ndi phewa, poti manja anali oyera ndi fulawa. Kenako anatembenuza mtanda uja n'kuyamba kuukanda ndi mphamvu.